Nyambo ya Dzimbiri

"Chiwaya ichi chakazinga chiyani?"

Yasini anaima pakhomo pa khitchini atachinyamula m'mwamba, matope a kudambo akadali m'miyendo. Mkazi wake, Mwanaisha, sanadzutse mutu. Anapitiriza kupeta mpunga ngati wofunsayo ndi nkhuku.

"Chiwaya chimakazinga chiyani, bambo a Rahma? Mtedza, chimanga, zomwe mumadya inu nomwe."

"Mtedza wa kumunda kwa yani umene umasiya makoko achitsulo?" Anapala m'kati mwa chiwayacho ndi chikhadabo, kachibenthu kotuwa n'kugwera pansi kakung'anima. "Iyi ndi zinki, mayi a Rahma. Ndingaidziwe ngakhale mutandimanga m'maso. Wasungunulira zinki m'chiwaya cha m'nyumba mwanga ndani?"

"Anabwereka achimwene."

"Liti?"

"Kale, tisanawokere mpunga."

"Ndiye inu munkadziwa?"

"Ine ndinabwereketsa chiwaya. Munthu akabwereka nkhwangwa, umamutsatira kuti ukaone mtengo umene akudula?"

Yasini anatsitsa chiwayacho. Mtima unamuwawa, osati chifukwa cha yankholo ayi, koma chifukwa linatuluka msanga, ngati lakhala likudikira pamlomo kwa miyezi.

Ntchito ya Yasini inali yovuta kuifotokoza pamudzi. Ankagwira ku ofesi ya madzi pa Boma, koma sanali wopopa madzi kapena wowerenga mamita a m'nyumba za anthu. Iye ankalimbana ndi dzimbiri. Ankakwera m'mathanki kukapala ndi burashi ya waya, ankapaka mapaipi phula, ndipo malaya ake sankayera ngakhale Mwanaisha atawamenya pamwala mpaka manja kutupa. Anthu anam'patsa dzina loti a Dzimbiri, iye n'kumavomera mosangalala.

Chimene ankanyadira kwambiri chinali paipi yaikulu yachitsulo yochokera ku pampu, yodutsa pansi pa dambo la mpunga kuseri kwa mudzi wa mkazi wake, n'kukakwera ku thanki ya pa Boma. Dothi la m'dambomo ndi lowawasa, limadya chitsulo ngati chiswe pa nsungwi. Ndiye m'mbali mwa paipiyo ankakwirira zitsulo zofewa za zinki, chilichonse cholumikizidwa ku paipi ndi waya. Dzimbiri likabwera limayamba kudya zinki, paipi n'kupulumuka. Iye ankazitcha nyambo. Ndipo tsiku lina la Idi, atakhuta mpunga wa nyama, pakamwa patapepuka, anafotokozera mlamu wake Ramadhani zonsezi, mpaka kumusonyeza timizati ta simenti tosonyeza pamene nyambo iliyonse yagona. Ramadhani anamvetsera mwachidwi chimene Yasini anali asanachionepo pamudzipo, ndipo Yasini anakondwa kuti wapeza munthu womvetsa ntchito yake.

M'mawa wa tsiku la chiwayali anali atapita kudambo ndi mita yake yoyezera. Muvi wa mita sunagwedezeke. Anakumba pa kamzati koyamba, napeza waya wodulidwa ndi chikwanje. Anakumba pena, chimodzimodzi. Dambo lonse linali lopanda nyambo, ndipo paipi inali yokha m'matope kuyambira chilimwe.

Atachoka pakhitchini paja, Yasini anapeza Ramadhani ali pansi pa mtengo wa mango akusoka chilimira chake, ukonde waukulu wa usipa umene unkadyetsa mbumba yonse. Ndiye anali mwini mbumba, mlongo wake wamkulu wa Mwanaisha, munthu wa mawu okoma ndi mimba yosonyeza kuti nyanja ikumukonda. M'mphepete mwa ukondewo, mmene kale munkamangidwa miyala, munali timipiringidzo totuwa tolendewera mwadongosolo.

"Salaam aleikum, alamu. Mwabwera ndi nkhope ya maliro bwanji?"

"Aleikum salaam. Ndabwera kudzaona nyambo zanga."

Ramadhani anaseka mpaka kuika pansi singano. "Mwaziona! Alamu, Mulungu akudalitseni. Miyala inkang'amba ukonde, inkathothoka, tsiku lililonse kumanga ina. Koma izi! Ukonde umamira mwaulemu ngati mkazi wogwada kwa apongozi."

"Mukuseka? Mwaba katundu wa boma, alamu."

"Kuba? Wallahi, mawu amenewo ndi olemera. Ndathyola chitseko cha yani? Ndakumba m'munda mwa amayi anga, ndapeza chitsulo chikuola m'matope. Inu nomwe munati mumachikwirira kuti chiole. Ine ndachipatsa ntchito."

"Ntchito yake ndi kuola kumeneko! Chikapanda kuola icho, imaola ndi paipi."

"Paipi ya boma."

"Madzi ake mumamwa inu. Amamwa odwala kuchipatala. Mumatawasa nawo kumzikiti musanapemphere."

"Alamu, alamu," anatero Ramadhani motsitsa mawu, ngati akulangiza mwana. "Inu mukadali m'nthawi yakale, yomwe munthu ankanjenjemera akaona galimoto ya boma. Tinavota ife. Boma ndi ife tsopano. Amene ali pamwambawo akudya ndi mafosholo, ine ndatola ndi kasupuni, ndiye mukufuna kundipachika? Imeneyi ndiye demokalase."

Mawu amenewo anali paliponse masiku amenewo. Wodula mitengo m'nkhalango ankati demokalase, wochotsa mabawuti pa mlatho ankati demokalase, ngakhale mwana wokana kutumidwa ankati demokalase. Yasini naye anavota, anaima pamzere dzuwa likuswa mtengo, koma sanavotere kuti anthu azikumba paipi.

"Mawa ndikanena ku ofesi," anatero.

Kuseri kwa mpanda wa bango kunamveka kutsokomola. Anali apongozi ake, amene mwa mwambo sankayang'anizana naye, koma makutu awo ankafika paliponse.

"Bambo a Rahma," anatero mawuwo kudzera m'bango, "munabwera pano ndi njinga ndi kachikwama. Malo omanga nyumba tinakupatsani, munda tinakupatsani, mwana wathu tinakupatsani. Lero mukatengere mlamu wanu apolisi? Mkamwini asamakule mwendo."

"Amayi, sindikukula mwendo. Paipi ikaphulika adzafunsa ine."

"Ndani wati iphulika?" analowerera Ramadhani. "Mvetserani. Mdima uno usipa wagwa, sindingamasule ukonde pakati pa dzinthu. Mwezi ukangowala ndidula zonsezi, ndikupatsani, mukakwirire mwakachetechete. Palibe adzadziwe. Inshallah."

Yasini anayang'ana mkazi wake, amene anali atabwera n'kuima chapatali, lichero lili m'manja. Mwanaisha anangomuyang'ana ndi maso aja amene anamukokera ku mudzi umenewu poyamba. Ndipo Yasini, munthu wodziwa bwino kuti dzimbiri silidikira mwezi, anavomera kudikira mwezi.

Masabata otsatirawo anali aulemu wodabwitsa. Usipa unkafika pakhomo pake m'beseni, wosapempha. Ramadhani ankamupatsa moni ali kutali. Rahma, mwana wawo wamkazi wa sitandade 4, anabwera ndi nsapato zatsopano zochokera kwa amalume ake. Ku ofesi, akulu a ntchito, a Lenard, anamufunsa ngati kudambo kuli bwino, iye n'kuyankha kuti kuli bwino. Mwezi unawala, Ramadhani anati alovi ake, amuna okoka ukondewo, apita kumaliro ku Dwangwa, palibe womuthandiza kudula. Mwezi unazimanso, usipa unagwanso. Mvula nayo inagwa yosalekeza, dambo linadzaza.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachisanu lina m'mawa amayi opalira mpunga anaona madzi akutumphuka pakati pa munda ngati kasupe, ofiira ngati tiyi. Pofika masana mipopi yonse ya pa Boma inali itauma. Amuna anafika kumzikiti n'kupeza popanda madzi otawasira. Odikirira odwala kuchipatala anatsika mumzere ndi zidebe kukatunga kunyanja, pamalo pomwe anthu amachapa ndi kutsukira nsomba. Atakumba paipi, inapezeka itabooka timabowo ngati sefa, ndipo a Lenard anaima m'matope atanyamula waya wodulidwa, akumuyang'ana Yasini.

Nkhani sinachedwe. Mlovi wina amene Ramadhani anam'thamangitsa pa ukonde anafika ku ofesi ndi kampiringidzo kotuwa m'thumba. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala.

A Lenard anamuitanira Yasini m'chipinda chawo n'kutseka chitseko. Anali munthu wosakonda phokoso, wotopa ndi mafoni ochokera kulikulu.

"Mlamu wako ndamufunsa," anatero. "Akuti zitsulo zija unam'patsa ndiwe."

"Ine? Bwana, Mulungu ndi mboni!"

"Mulungu sabwera ku ofesi kuno, Yasini. Mboni ina uli nayo?"

"Mkazi wanga. Anaona zonse. Anamva pamene ndinkakangana naye."

"Ubwere naye Lolemba. Koma undimvetse. Ngati mlamu wako anakumba yekha, nkhaniyi ndi ya polisi, akalowa ndende, iwe ulandira chenjezo chifukwa chobisa. Ngati unam'patsa ndiwe, sindikufuna manyazi a kukhoti pa ofesi ino. Ungosiya makiyi ndi mita, uzipita."

Pakamwa pa Yasini sipanaphunzire. Atafika kunyumba anafotokozera mkazi wake mawu onsewa mmene analili, osasiyako ndi limodzi lomwe, ali pakhonde, mpanda wa bango uli pomwepo.

"Mayi a Rahma, sindikukupemphani kuti mukaname. Mukangonena zimene munaona. Chiwaya, mkangano wa pansi pa mango, lonjezo la mwezi. Basi."

"Ndiye achimwene akamangidwe?"

"Ndinawadikira miyezi iwiri ya kumwamba. Iwo sanandidikire ndi tsiku limodzi lomwe, andigulitsa. Ntchito imeneyi ndiyo dzina langa. Ndikachotsedwa ngati mbava, ndidzayenda bwanji pa Boma?"

Mwanaisha anakanda mphasa ndi chala.

"Musadandaule," anatero. "Ndipita."

Loweruka ndi Lamlungu Mwanaisha ankangokhalira kunyumba kwa amayi ake. Yasini anaganiza kuti akukawakonza mtima kuti alandire zimene zikubwera, ndipo anam'mvera chisoni. Si chapafupi kuimira mwamuna pamaso pa mlongo wako.

Lolemba m'mawa, Yasini atavala kale malaya ake oyera a Lachisanu, Mwanaisha anabwera ndi tambala wamkulu wofiira, womangidwa miyendo, ndi mpeni.

"Amayi akuti mutichinjire, aziphika tikapita."

Pamudzipo nkhuku sinkadyedwa ngati sinachinjidwe ndi mwamuna wodziwa mawu ake, ndipo Ramadhani anali atanyamuka kale. Mtima wa Yasini unasungunuka. Anaona kuti apongozi ake avomereza choonadi, akufuna mkamwini wawo akabwerako atayeretsedwa adzapeze phwando. Anapinda manja a malaya, analozetsa tambalayo kumpoto kumene Asilamu amayang'ana popemphera, anati Bismillah, nadula khosi kamodzi kokha, mwaukhondo, osadontheza magazi pa nsalu. Anasamba m'manja akuimba chamumtima. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ku ofesi anakhala pa benchi limodzi, Ramadhani kumapeto uku, Yasini kumapeto uko, Mwanaisha pakati atadzifunda mpango mpaka pamphumi. Pa tebulo la a Lenard panali mulu wa timipiringidzo todulidwa ku ukonde.

"Mayi," anatero a Lenard, "mwamuna wanu ndiye wakuitanani. Akuti mudziwa mmene zitsulo izi zinafikira kwa achimwene anu. Nenani."

Mwanaisha anayang'ana pansi. Mawu ake anatuluka otsika koma osagwedera, ngati a mwana wonena ndime yoloweza ku madrasa.

"Anabwera nazo okha bambo a Rahma, pa njinga, m'thumba la feteleza. Anati ku ofesi zatha ntchito. Anawapatsa achimwene kuti aone chochita nazo. Chiwaya anatulutsa okha."

Yasini anamva ngati benchi lachoka pansi pake. Anatembenuka kuti amuone kumaso, koma anaona mpango wokha.

"Mwanaisha," anatero, kutchula dzina limene sankalitchula pagulu. "Mwanaisha, tandiyang'ana."

Sanamuyang'ane.

"Uli ndi funso kwa mboni yako?" anafunsa a Lenard.

Mafunso analipo ambiri, koma onse anali a m'nyumba, osati a mu ofesi. Anapukusa mutu. Anatulutsa makiyi, anaika mita yake pa tebulo pafupi ndi mulu uja. A Lenard anapumira m'mwamba. Mwina sanakhulupirire, mwina anakhulupirira, koma nkhani inali itatha mwa njira yosavuta, ndipo madzi anali akudikira.

Pobwerera anadzera njira ya kudambo, iye patsogolo akukankha njinga, mkazi wake pambuyo. Anadutsa timizati ta simenti, anadutsa dzenje lalikulu pamene anzake a ntchito ankawotcherera paipi. Palibe anam'patsa moni. Atafika pamene panalibe anthu anaima.

"Chifukwa chiyani?"

"Inu akuchotsani ntchito basi. Achimwene akanawamanga."

"Basi? Mukuti basi? Dzina langa mwalikwirira m'matope, mukuti basi?"

"Akanamangidwa iwo, ukonde ukanaima. Amayi akanadya chiyani? Ana a malemu achemwali akanadya chiyani? Rahma akadzakula, wokamuimira pa ukwati ndani, inu kapena amalume ake?" Tsopano ankalira, koma mawu anali olimba. "Mwamuna amabwera, bambo a Rahma, ndipo tsiku lina amatha kupita. Chibale ndi fupa, sichiola."

"Ine ndinapita kuti? Zaka zonsezi ndinapita kuti?"

"Simunapite. Ndiye chifukwa chake amayi anati mupirira. Anati pa anthu awiri wina ayenera kudyedwa kuti nyumba itsale, ndipo wofewa mtima ndinu."

Yasini anayang'ana kamzati ka simenti kamene kanali pafupi ndi phazi lake. Ntchito imeneyo ankaidziwa bwino kuposa munthu aliyense m'bomalo: umasankha chitsulo chofewa, umachimangirira pafupi, umachikwirira, n'kuchoka. Sanadziwe kuti pa Idi paja apongozi ake nawonso ankamvetsera.

Pamudzi anapeza mphasa yatsopano itayalidwa pakhonde pake. Ramadhani anali atafika kale, atakhala mwaulemu, chipewa chili m'manja. Rahma anabwera ndi madzi osamba m'manja, kenako mbale ya mpunga ndi mbale ya nkhuku yovundikira, nazitula pamaso pa bambo ake atagwada. Kuseri kwa bango kunamveka kutsokomola kuja.

"Bambo a Rahma," anatero apongozi, "takulakwirani, tikudziwa. Pakhomo pano wolakwa sapepesa ndi pakamwa pokha. Nkhuku ndi imeneyo. Idyani, mtima utsike, tikhale monga kale."

"Ndipo musade nkhawa za ntchito, alamu," anawonjezera Ramadhani mokoma mtima. "Pa chilimira malo alipo. Tibwerera ku miyala, koma usipa sudziwa kusiyana. Mawa lomwe mukhoza kuyamba."

Yasini anavundukula mbale. Ntchafu, chiganga, chiwindi, nthutumba, ziwalo zonse zaulemu anamuikira iye. Anakhala akuziyang'ana. Mu ofesi muja ankadzinamiza kuti mwina mkazi wake wachita mantha ataona nkhope ya mlongo wake, mwina lilime laterereka pomwepo. Koma tambala uyu anamangidwa miyendo dzuwa lisanakwere.

"Amayi," anatero molunjika ku mpanda, kwa nthawi yoyamba osatsitsa mawu, "nkhuku iyi ndi ija ya m'mawa?"

Yasini anapitiriza osadikira yankho.

"Kwathu munthu amayamba walakwa, nkhuku n'kubwera pambuyo. Kuno nkhuku yatsogola. Nkhanga zinapangana kusanapse." Anatembenukira kwa mkazi wake. "Pamene munkandipatsa mpeni uja, mawu a mu ofesi aja munali nawo kale m'kamwa?"

Mwanaisha anabisa nkhope mu mpango.

"Munandiimirira pambali, ine ndikutchula dzina la Mulungu pa nkhuku yopepesera bodza limene munali musananene. Simunapeze mwamuna wina m'mudzi monse muno woti akuchinjireni?"

"Alamu, musatero, chakudya chikuzizira," anatero Ramadhani.

Yasini anavundikiranso mbale bwinobwino, naikankhira kwa mlamu wakeyo. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kachikwama kaja anabwera nako, ndi burashi yake ya waya, imene inali yakeyake, yosakhala ya ofesi. Anazimangirira pa njinga. Rahma anathamanga n'kugwira chishalo.

"Ababa, mukupita kuti? Ndipite nawo?"

Anamugwira pamutu. Ankadziwa, ndipo onse pakhondepo ankadziwa, kuti mwanayo ndi wa mbumba ino, sangadutse naye mpanda. Pamenepo ndiye misozi inamugonjetsa, pamaso pa mlamu ndi apongozi omwe.

"Ndidzabwera kudzakuona, mayi. Madzi a kunyanja usamwe osawiritsa, wamva? Mpaka mpopi utayambanso."

Anamasula zala za mwanayo pa chishalo chimodzichimodzi, nakankha njinga kutuluka pa chipata. Kumbuyo kwake palibe anayerekeza kuvundukula mbale ija.